Diso Nalonso Limadya

Ku Mkanda nsomba timazidziwa m'magulu awiri, zobwera ndi zakonkuno. Zobwera ndi usipa, bonya, utaka wouma ndi kapenta wodutsa malire kuchokera ku Zambia, zimene amayi amaziunjika timilutimilu tsiku la msika. Zakonkuno ndi matemba ndi milamba ya m'madambo ndi mumtsinje wa Rusa, kuphatikizapo makumba a m'madamu a anthu ochepa amene amaweta nsomba. Nyanja ili kutali nafe, ndipo ambiri amakalamba asanaione.

Mwina n'chifukwa chake nsomba yopanda maso ya ku Mexico inatifika ngati fanizo chabe, yopanda mamba, yopanda mtsinje wake. Ndaimva ikutchulidwa paguwa, ndaimvanso pamisonkhano ya achinyamata. Amati kuli nsomba ina imene inalowa m'phanga, n'kusiya kugwiritsa ntchito maso ake, mpaka masowo anafota. Ndiye amati nawenso mphatso yako ukaikhalira idzakuchokera. Anthu amavomereza ndi mitu, nyimbo n'kuyamba. Ine fanizoli limandiwawa, chifukwa limainamizira nsombayo ulesi, pamene moyo wake wonse ndi wolimbana ndi njala.

Dzina lake la sayansi ndi Astyanax mexicanus. Ndi kansomba ka gulu la tetra, ndipo kawirikawiri sikapitirira masentimita 12. Abale ake akutali tili nawo kuno: nkhalala ya m'nyanja ya Malawi, komanso nsomba ya mano akuthwa ija, tigerfish, yopezeka kumunsi kwa Shire ndi mu Luangwa. M'mitsinje ya kumpoto chakum'mawa kwa Mexico ndi mu Rio Grande ku Texas, kansombaka n'konyezimira ngati siliva, kali ndi maso aakulu, kamayenda m'chigulu ndipo n'kolusa. Koma pansi pa mapiri a miyala ya laimu otchedwa Sierra de El Abra, m'zigawo za San Luis Potosí ndi Tamaulipas, ndi m'mapiri oyandikana nawo, muli mapanga pafupifupi 30 momwe nsomba yomweyo ndi yoyera mofiirira, ndipo pamene panayenera kukhala diso pali khungu losalala. Salvador Coronado ndiye anazitulutsa m'phanga la Cueva Chica mu 1936. Carl Hubbs ndi William Innes ataziona anati ndi mtundu watsopano, n'kuzipatsa dzina lakelake, Anoptichthys jordani. Patapita zaka anthu anaika ya m'phanga ndi ya mumtsinje m'thanki imodzi. Zinaswana, ana ake anakula, nawonso anaswana. Apa zinadziwika kuti ndi nsomba imodzi yokhala m'malo awiri.

Alaliki athu sali okha pa maganizo awo aja. Ngakhale Charles Darwin, m'buku lake la mu 1859, ananena kuti zamoyo za m'mapanga zinataya maso chifukwa chosawagwiritsa ntchito. Koma zimene zinadziwika pambuyo pake sizikugwirizana nazo. Nsomba ya mumtsinje mutailera mumdima moyo wake wonse, ana ake amabadwabe ndi maso. Ya m'phanga mutailera pansi pa getsi usana ndi usiku, ana ake amakulabe opanda maso. Zimene kholo lachita kapena lalephera kuchita ndi diso lake sizilowa m'dzira.

Ndisanawerenge chilichonse cha Mexico, munthu amene anandiphunzitsa kuti nsomba ikhoza kukhala bwinobwino osadalira maso anali atsibweni anga. Unali mwezi wa Okutobala, dambo litauma n'kutsala maiwe a matope okhaokha, momwe dzanja ukaliviika mpaka pachigongono suliona. Iwo ankalowa pang'onopang'ono, n'kumapapasa m'mphepete pansi pa mizu ya bango. Mlamba woyamba anauponya m'beseni limene ndinanyamula. Ndinagwada n'kuuyang'anitsitsa. Mutu wophwatalala, wolimba, timaso ting'onoting'ono takumbali, ndi ndevu zisanu ndi zitatu zimene sizinkapuma. Zinkakhudza pansi pa beseni, kukhudza m'mbali, kubwerera, kukhudzanso. Nditaviika chala kumchira, mlambawo unatembenuka chala chisanaukhudze.

"Atsibweni, wandiona bwanji ndili kumbuyo kwake?"

"Iwe, ameneyu sayang'ana. Amamva madzi, amalawa madzi. Ukafuna kumukola pa mbedza usamusankhire nyambo yokongola. Mupatse matumbo a nkhuku ogona, onunkha, uwaike usiku."

Zimene ankanenazo n'zimene akatswiri anazipeza pa nsomba ya m'phanga, kungoti kumeneko zinafika patali. Nsomba zili ndi mzere m'mbali mwa thupi ndi timfundo pamutu timene timamva kugwedezeka kwa madzi. Pa nsomba ya m'phanga timfundoti n'tambiri ndiponso tatikulu, makamaka mozungulira pamene panayenera kukhala diso. Kachilombo kakagwera pamadzi, iyo imalunjika pomwepo, pamene ya mumtsinje nthawi zambiri imachita mantha ndi kugwedezeka kotero, poti kunja kuno chogwedeza madzi chikhoza kukhala mbalame yodya nsomba. Zolawira chakudya zili ponseponse, pamilomo, pachibwano mpaka pamutu. Nsagwada zake n'zazikulupo. Mukaika mitundu iwiriyi mumdima n'kuponyamo chakudya, ya m'phanga ndiyo imatola chochuluka, yamaso ija ikungozungulira.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zochitika m'dzira. Mwana wa nsomba ya m'phanga amayamba ndi maso. Tsiku loyamba, m'kadzira kooneka mkati, timaso tiwiri timayamba kuumbika monga mmene zimakhalira pa mwana wa ya mumtsinje. Kagalasi ka m'diso, lenzi, kamayamba kupangika. Kenako maselo a kagalasiko amayamba kufa okha, motsatira malangizo a m'thupi momwemo. Kagalasiko kakafa, diso lonse limasiya kukula, limamira m'mutu, khungu n'kuphimba pamwamba. Mu 2000, Yoshiyuki Yamamoto ndi William Jeffery a ku University of Maryland anachita ntchito yofuna dzanja losanjenjemera. Anachotsa kagalasi pa mwana wa nsomba ya mumtsinje n'kukaika m'diso limodzi la mwana wa ya m'phanga. Mbali imeneyo diso linakula, lokhala ndi mwanadiso wake, pamene mbali inayo linamira monga mwa masiku onse. Nsomba imodzi, diso kumodzi, kwinako khungu. Nzeru youmba diso inali isanachoke m'thupi lake. Chimene chinasintha n'chakuti thupilo limaimitsa ntchitoyo lili pakati.

N'chifukwa chiyani thupi lingachite zimenezi? Apa mpamene njala imalowera. M'phanga mulibe dzuwa, choncho mulibe ndere kapena chomera chilichonse. Chakudya chonse chimachokera kunja: zitosi za mileme, tizilombo takufa, ndi zinyalala zimene madzi osefukira amakokolola nyengo ya mvula. Mvula ikatha, pamatha miyezi popanda cholowa. Ndipo diso si chinthu chaulere. Ngakhale mumdima limadya, ndipo mbali ya ubongo imene imalandira zimene diso laona nayonso imadya. Mu 2015, Damian Moran, Rowan Softley ndi Eric Warrant a ku Lund University ku Sweden anayeza zimenezi. Anapeza kuti pa kansomba kolemera galamu imodzi, kuona kumatenga pafupifupi magawo 15 pa 100 alionse a mphamvu imene thupi limagwiritsa ntchito likapuma. Pa nsomba yokulirapo, ya magalamu 8.5, gawoli limatsika kufika pa 5. Ndiye kuti mtolowu umalemera kwambiri pa ana, amene ndiwo amayamba kufa chakudya chikasowa.

Aliyense amene analimapo fodya kuno akumva zimene ndikunena. Alimi ambiri a ku Mkanda amene anasiya fodya n'kuyamba soya ndi mtedza sanachite ulesi. Anawerengera nazale, feteleza, mitengo ya chigafa, aganyu osoka ndi osankha masamba, thiransipoti yopita ku okushoni, n'kuona zimene zinkatsala m'thumba. Chinthu chodya zambiri koma chosabweza kanthu chimamiza banja. Kusiyana kwake n'kwakuti nsomba sinakhale pansi n'kuwerengera. Inawerengera ndi njala. Mwa ana zikwizikwi obadwa m'phanga, amene maso awo anali ochepako ankatsala ndi kamphamvu kowonjezera, ankapirira mwezi wina umodzi, n'kufika poswana. Mbadwo ndi mbadwo zinapita choncho. Kafukufuku wina wa DNA wa mu 2018 anasonyeza kuti zonsezi zikhoza kukhala zitachitika m'zaka zosakwana 20,000, imene pa nkhani ngati izi ndi nthawi yochepa.

Akatswiri sanamange mfundo imodzi pa nkhaniyi. Ena amatsindika za kusunga mphamvu. Gulu la Jeffery linasonyeza mu 2004 kuti chizindikiro china cha m'thupi la mwana wosabadwa, chotchedwa Sonic hedgehog, chimafalikira kwambiri pa nsomba ya m'phanga, ndipo pambuyo pake linaonetsa kuti chomwecho chimene chimapha kagalasi ka diso chimakulitsa nsagwada ndi kuchulukitsa zolawira, moti diso linali mtengo wogulira pakamwa. Enanso amati mumdima zolakwika za m'malangizo a diso zimangounjikana, popeza palibe chozichotsa. Zitatuzi zikhoza kukhala zoona pamodzi. Koma m'zitatu zonsezi mulibe ulesi.

Ndiponso nsomba yaulesi ikanagona. Iyi sigona mokwanira n'komwe. Mu 2011 Erik Duboué, Alex Keene ndi Richard Borowsky anapeza kuti ana a nsomba za m'phanga amagona nthawi yochepa kwambiri poyerekeza ndi a mumtsinje, ndipo nthawi yotsalayo amakhala akusambira, kufunafuna. Ikapeza chakudya imadya mosaleka, n'kusunga mafuta ochuluka kuposa inzake yakunja, ndipo chakudya chikasowa imaonda pang'onopang'ono. Mu 2018 Misty Riddle ndi anzake, pamodzi ndi Clifford Tabin wa ku Harvard ndi Nicolas Rohner, anapeza kuti magazi ake amakhala ndi shuga wokwera ndipo thupi lake silimvera insulini bwinobwino. Kwa munthu amenewa ndi matenda a shuga, amene kuno atitengera abale ambiri maso ndi miyendo. Koma nsombayi imakhala zaka zofanana ndi za inzake ya mumtsinje, osaonongeka mmene munthu amaonongekera. Lero madokotala akuiyang'anitsitsa kuti adziwe chimene chimaiteteza.

Pali mbali ina imene sindingailumphe, ngakhale ndikuilemba mosamala. Kuyera kwa nsombazi, m'mapanga monga Pachón ndi Molino, kumachokera pa kusintha kwa kachigawo ka DNA kotchedwa Oca2, monga anapezera Meredith Protas ndi anzake mu 2006. Kachigawo komweko ndi kamene kamachititsa mtundu wa chialubino wofala kwambiri mwa anthu kuno ku Africa. Ntchito yake ndi yothandiza thupi kupanga utoto wa khungu, tsitsi ndi maso, basi. Kali mwa nsomba, kali mwa mbewa, kali mwa ine ndi inu. Kuyambira cha mu 2014 dziko lathu laona abale athu achialubino akusakidwa, kuphedwa, ngakhale kufukulidwa m'manda, chifukwa cha bodza lakuti m'mafupa mwawo muli chuma. Mulibe chizimba m'menemo, mulibe tsoka, mulibe tchimo la makolo. Ndimaona kuti bodza limeneli ndi fanizo la paguwa lija zimamwa pachitsime chimodzi: chizolowezi chathu choyang'ana thupi la wina n'kuwerengapo mlandu kapena mphamvu zobisika. Fanizo lija n'lopepuka, silinaphepo munthu. Komabe ndimaganizira munthu wosaona amene wakhala pabenchi lakutsogolo, wotsogoleredwa ndi mdzukulu wake, akumva kuti maso amachoka chifukwa chowakhalira.

Borowsky, wa ku New York University, anachitanso china mu 2008 chimene ndimachikonda. Anatenga nsomba zosaona za m'phanga lina n'kuziswanitsa ndi zosaona za m'phanga lakutali. Ana ake anawaika pakati pa chozungulira chokhala ndi mizere yakuda ndi yoyera, n'kumayang'ana ngati timaso tawo titsatira mizereyo. Ena mwa anawo anatsatira. Makolo onse awiri osaona, ana akuona. Chifukwa chake n'chakuti phanga lililonse linataya maso m'njira yakeyake. Chimene chinaonongeka kwa awa chinali chamoyo kwa awo, ndipo mwa mwana ziwirizo zinakwaniritsana. Zikusonyeza kuti nsomba za mumtsinje zinalowa pansi pa nthaka kangapo, m'malo osiyana, ndipo paliponse mdima ndi njala zinaumba thupi lofanana. Thupi limenelo likutiuza za phangalo, osati za khalidwe la nsombayo.

Sitifunika kuoloka nyanja kuti tione zotere. Ku Congo, m'mapanga a ku Mbanza-Ngungu, muli Caecobarbus geertsii, mbale wa matemba athu, woyera ndi wopanda maso, amene George Boulenger anamulemba m'mabuku a sayansi mu 1921. Ku Somalia, m'madzi apansi pa chipululu, muli Phreatichthys andruzzii. Ndipo ku Namibia, m'phanga la Aigamas kufupi ndi Otavi, muli mlamba. Mlamba weniweni, wa fuko limodzi ndi wa m'beseni uja, wandevu zake, kungoti ndi waung'ono, wa maonekedwe a golide wofiirira, ndipo timaso take tinatsala pang'ono kutheratu, pena khungu linatiphimba. Dzina lake, Clarias cavernicola, analipereka mu 1936 ndi Ethelwynn Trewavas wa ku British Museum. Mayi ameneyu si mlendo kwa ife. Mu 1935 analemba za nsomba za m'nyanja yathu, mu 1939 anabwera kuno ku Nyasaland pa kafukufuku wa nsomba, ndipo mayina a sayansi a mitundu iwiri ya chambo, karongae ndi lidole, anachokera kwa iye mu 1941. Mbuna ina, Labeotropheus trewavasae, imatchedwa ndi dzina lake.

Mlamba wa ku Aigamas umadya zitosi za mileme ndi tizilombo togwera m'madzi. Ulipo wochepa, mazana owerengeka, ndipo uli m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Chouopseza si mdani wa mano. Ndi kupopa madzi apansi pa nthaka m'dera louma limenelo, kumene kumatsitsa madzi a m'phangamo. Apa mpamene pali kufooka kwenikweni kwa nsomba za m'mapanga, ndipo fanizo lija silikutchula n'komwe. Thupi limene linaumbidwa kuti likwanire malo amodzi silingasamuke malowo akaonongeka. Mlamba wathu uli ndi chiwalo chopumira mpweya wakunja, ndipo usiku wa mvula umatha kukwawa pa udzu wonyowa kuchoka dziwe lina kupita lina. Wa m'phanga, madzi akatsika pansi pa miyala imene umadyerapo, ulibe dziwe lachiwiri.

Komatu ngakhale wathuyu kukwawa kwake kuli ndi malire. Ndikamacheza ndi anzanga amene tinkawedza limodzi, mawu amene ndimamva ndi akuti nsomba zinathawa, kapena milamba ya masiku ano inachenjera, sikudya nyambo. Mlandu tauikanso pa nsomba. Koma tikayenda m'mbali mwa dambo mu Seputembala timaona zina. Madimba a tomato, kabichi ndi chimanga chachiwisi afika mpaka pamlomo pa madzi, bango linadulidwa, ndipo dothi la m'minda likukwirira maiwe chaka ndi chaka. Mapampu, a petulo ndi a sola omwe, akukoka madzi m'maiwe omwewo. Otsalawo amakokedwa ndi maneti a udzudzu amene salola ngakhale kamwana ka matemba kudutsa, kenako wina amabwera ndi katupe kapena mankhwala a m'munda n'kumaliza zonse tsiku limodzi. Sindikunyoza wa dimba. Dimba ndi limene limalipira fizi ndi kugula feteleza wa m'munda waukulu, ndipo inenso ndiwo zake ndimadya. Koma Rusa amathira mu Bua, ndipo Bua, amene amayambira m'mapiri a Mchinji momwe muno, ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene mpasa umakwererabe kuchoka kunyanja kukaswana. Matope ndi mankhwala zimene timatsitsa kuno zimakafika ku Nkhotakota.

M'chilimwe dziwe lakuya limasanduka phanga la nsomba zathu kwa miyezi itatu: madzi akuda ndi matope, chakudya chochepa, potulukira palibe. Zimene zapulumuka m'menemo ndizo mbewu ya chaka chamawa. Lamulo la nsomba la mu 1997 limaletsa kale kupha nsomba ndi mankhwala, koma woyang'anira nsomba wa boma sangaime pa dziwe lililonse. Mafumu a m'mbali mwa Rusa ndi m'madambo athu maiwe akuya amawadziwa ndi mayina. Chimene ndingawapemphe, iwo ndi makomiti a m'midzi, n'chakuti mudzi uliwonse upatule dziwe limodzi lakuya, losathiramo katupe, losakokamo neti ya udzudzu, losaikamo pampu, kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba itadzaza dambo, chifukwa milamba ndi matemba zimene zidzaswane mu Disembala ndi Januwale zimakhala zili m'menemo.